Sitima Imene Ndinamanga Koma Sindinayende Nayo

Tadala ndi Mphatso, ana anga, mwakhala mukundiuza kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za ubwana wanga ku Dedza mumazidziwa, sindibwerezanso. Ndatulutsa mabuku anga a tsiku ndi tsiku, amene ndinayamba kulemba ndili Fomu 1 chifukwa kulankhula kunkandivuta, ndipo ndi amene akundikumbutsa. Ndikulemba m'Chichewa dala. Zidzukulu zikafuna kumva, mudzaziwerengere ndinu, mudzatuluke thukuta pang'ono.

Kudoko, chaka chimene ndinamaliza Fomu 4

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudoko la asilikali a pamadzi, kum'mwera kwa nyanja yathu. Sindinali msilikali ayi. Ndinali kalaliki wotayipa, mtsikana wa kumapiri amene anali asanaonepo madzi opanda tsidya. Anandikhazika m'kachipinda koyandikana ndi chipinda cha wailesi, ndi taipilaita yokanirira zilembo. Riboni ikatha tinkaibweza m'mbuyo n'kuigwiritsanso ntchito mpaka zilembo zizioneka ngati mapazi a nyerere. Zosowa zinali zambiri. Pepala tinkalemba mbali zonse ziwiri, ndipo chitsulo cha injini chikathyoka, boti linkakhala pamtunda kudikira china chochokera kunja.

Bwana wanga anali a Kaputeni Mbewe, munthu wamfupi wa mawu aakulu, wokonda kuphunzitsa ngakhale palibe wafunsa. Tsiku langa loyamba anandiimika patsogolo pa mapu a pakhoma. "Mwana wanga, ukuona apa? Awa ndi madzi. Apa ndi pa Salima. Tsono tsata msewu uwu ndi chala chako." Ndinatsata mpaka chala chinafika pa Lilongwe. "Wafika msanga eti? Mdani nayenso angafike msanga chomwecho. Anthu amaganiza kuti likulu amalilonda ndi apolisi a pageti. Likulu limalondedwa kuno, pamadzi. Akuluakulu aja amagona tulo chifukwa anyamata anga anyowa." Ndinayankha kuti inde bwana, ndipo nditafika kunyumba ndinalemba mawu onsewo m'buku langa.

Nkhondo sinabwere. Ntchito ya anyamatawo inali kulonda malire, kugwira ozembetsa katundu, ndi kupulumutsa asodzi mwera ukawatembenuzira bwato. Boti likamanyamuka ndinkaima pawindo mpaka litasanduka kadontho. Akazi sankakwera. Lamulo lake sindinalione litalembedwa paliponse, zinali choncho basi, ndipo ine sindinafunse. Za ulendowo ndinkangomva mawu a pawailesi odutsa pakhoma, kenako malipoti amene ankandipatsa akabwerako. Ndinatayipa mafunde ambiri amene sindinawaone.

M'chipinda cha wailesimo ndi mmene munali bambo anu, mnyamata woonda wokonza mawailesi. Ankandiitana kuti ndikawagwirire mawaya, ati zala zawo zinali zazikulu. Bodza limenelo ndinalizindikira mochedwa, koma ndi mmene ndinaphunzirira kusenda waya osaupweteka ndi kulumikiza ndi mtovu.

Apa muyenera kudziwa mmene ndinaleredwera, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Azakhali anga amene anandilera ankati mtsikana waulemu salandira chinthu ulendo woyamba. Ukapita kwa eni, akati tiyeni tidye, umati zikomo ndadya kale, ngakhale m'mimba mukulira. Mwini nyumba naye amadziwa mbali yake. Amabwereza, n'kubwerezanso, mpaka iwe uvomere ngati wakakamizidwa, ndipo nonse mumatuluka ndi ulemu wanu. Bambo anu analeredwa chimodzimodzi, choncho atandifunsira mbeta ine n'kukana, sanataye mtima. Anabweranso, ndinakananso. Ulendo wachitatu anaima pakhomo n'kunena kuti, "Nabanda, nsapato zanga zikutha." Ndinavomera ndikuyang'ana pansi.

Govanhill, chaka chimene Tadala anayamba sukulu

Bambo anu atapeza mwayi wodzaphunzira za mainjini a sitima za pamadzi kuno ku Glasgow, tinati tikhala zaka zitatu. Mukuona nokha mmene zaka zitatuzo zinatalikira. Tinkakhala ku Govanhill, m'nyumba ya pamwamba yokwera masitepe amwala, pansi pake pali sitolo ya bambo wa ku Pakistan amene ankandisungira therere likabwera. Iwe Tadala unabwera tsiku lina kuchokera kusukulu ukulankhula Chingelezi chimene ine, mwini satifiketi ya Fomu 4, sindinamvepo kanthu. Ndinalira m'bafa kuti mwana wanga akundithawa.

Ndinayamba kukolopa m'nyumba yosungiramo okalamba. Ambiri a iwo anali anthu a kumtsinje wodutsa mumzinda uno, omanga sitima akale, makutu ogontha ndi zala zopindika. Mmodzi anandipeza ndikukonza pulagi ya nyale yake, ndipo anandiyang'anitsitsa mpaka ndinamaliza. "Manja amenewo akutani ndi mopu? Pita kukoleji, mtsikana. Kumtsinje akufuna anthu a magetsi." Sanandifunse ngati ndikufuna, anangondilamula, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinapita. Ndinaphunzira madzulo, Mphatso ali kumsana masiku ena, ndipo nditalandira unzika wa kuno ndi kufufuzidwa mbiri yanga yonse mpaka kwa azakhali ku Dedza, anandilemba ntchito kumalo omangira sitima zankhondo ku Govan, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Tonse tinkangoti kuyadi.

Govan, zaka za kuyadi

Munthu amene sanalowepo m'sitima yosatha amaganiza kuti sitima ndi chitsulo. Sitima ndi mawaya. Amayenda m'denga, m'makoma, pansi pa mapazi, ena onenepa ngati mkono wa munthu, ena opyapyala ngati udzu, ndipo uliwonse uli ndi kwawo. Amuna amphamvu ankawakoka kudutsa m'zipinda, ife n'kumatsatira pambuyo kusenda nsonga, kulumikiza, kuika chizindikiro, kuyesa. Masiku ambiri ndinkagwira nditagwada kapena nditagona chagada m'malo opanikiza, nditavala ovololo ndi chipewa cholimba, owotcherera akuthetheka mbali inayo. M'nyengo yozizira chitsulo chinkaluma kudutsa m'magolovesi. Nakonso kuno zosowa zinaliko, musamaganize kuti kwa azungu kulibe. Tinkatha masiku tikudikira katundu wochedwa, ndipo sitima imodzi ikatsala pang'ono kutha, ina isanalamulidwe, anthu ankayenda mwakachetechete, aliyense akudzifunsa ngati Khirisimasi imupeza pantchito.

Kapitawo wathu anali a Docherty, bambo wamtali wa ndevu zapamlomo zotuwa, amene sanadziwe kuti mawu akhoza kunenedwa motsitsa. Masabata oyamba ndinkaganiza kuti amadana nane. Kenako ndinazindikira kuti akakalipira munthu ndiye kuti amuwerengera, ndipo amene sankamukalipira ndi amene ankachotsedwa. Dzina langa la Esinati linawakanika, anandisandutsa Essie, ndipo yadi yonse inatengera pomwepo.

Mnzanga weniweni anali Moira, mayi wa msinkhu wanga wobadwira ku Govan komweko. Bambo ake anali owotcherera, agogo ake okhoma misomali ya sitima. Tsiku loyamba anandiyang'ana ndikudya mkate wanga pakona, n'kufuula kuti, "Iwe, umalankhula, kapena mawu ako anawagwira pa eyapoti?" Anthu anaseka, ine ndinafuna kulowa pansi. Koma anabwera kudzakhala pafupi nane, ndipo sanachokenso. Iye ankalankhula za tonse awiri, ine ndinkamvetsera za tonse awiri. Mwamuna wake atamuthawa ndinamuphikira sabata yonse. Azakhali atamwalira ku Dedza ine osatha kupita, anabwera kunyumba n'kukhala pansi pamkeka pamodzi ndi amayi a mvano, miyendo itatambasulidwa, akuyesa kutsata nyimbo zimene sankazimva.

Kutchalitchi mayi wina anandifunsapo kuti, "Amayi a Tadala, inu wa mvano, zoona mumamanga zida zophera anthu?" Sindinamuyankhe bwino tsiku limenelo, ndipo funsolo linandivutitsa nthawi yaitali. Yankho ndinalipeza pamene msilikali wamkulu wa pamadzi anabwera kudzaona sitima imene tinkamanga, yolondera madzi a dziko lino. Anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti dziko lino ndi chilumba, ndipo chakudya, mafuta ndi mankhwala ambiri zimabwera pamadzi. Anati sitimayi izilondera asodzi, izipulumutsa omira, ndipo sitima yankhondo ya dziko lina ikamadutsa pafupi, iziyenda nayo mbali ndi mbali mpaka itatuluka, ngati mmene umaperekezera mlendo amene sukumukhulupirira. Anati London ili pamtsinje wotsekukira kunyanja, ndipo khomo lake lenileni lili kutali pamadzi. Moira anandigunda ndi chigongono kuti bwanji ukumwetulira. Ndinkamva mawu a Kaputeni Mbewe akutuluka m'kamwa mwa mzungu.

Sitima imeneyo ndinaikonda kuposa zonse zimene ndinagwirako. Ndinaiona kuyambira ili zidutswa pansi mpaka itayandama. Mawaya ambiri a m'chipinda choyendetsera, pamwamba penipeni pamene pamaima woyendetsa, anadutsa m'manja mwanga. Nthawi yopuma ndinkaima pawindo lake lalikulu n'kumayang'ana mtsinje wotuwa ndi nyumba za tsidya la Partick, kumene tinali titasamukira, n'kumaganiza kuti windo lomweli lidzaona nyanja yopanda malire.

Chaka chimene Mphatso anakwatira

Sitima ikatha, asanaipereke kwa asilikali, amapita nayo kunyanja masabata angapo kukaiyesa. Amaithamangitsa, kuikhotetsa mwadzidzidzi, kuyatsa ndi kuzimitsa chilichonse. Anthu ochepa a kuyadi amapita nawo kuti chikavuta akonze pomwepo. Ndi ulemu waukulu, ndipo ambiri amapuma ntchito osaulawa. Ulendo umenewo gulu lathu linapatsidwa malo amodzi.

Linali Lolemba, nthawi ya tiyi, tonse tili m'kanyumba kathu kodyera. A Docherty analowa, n'kuima pakati, chipewa chili m'khwapa.

"Tamverani. Malo ndi amodzi, ndipo sindikufuna zolira. Essie, ndi ako. Theka la chipinda chapamwamba ndi manja ako. Ukupita?"

Maso onse anatembenukira kwa ine. Chinthu chimene ndinachilakalaka kuyambira pawindo la kudoko chinali chitaikidwa m'manja mwanga pamaso pa anthu. Musaganize kuti sindinkadziwa za kuno. Ndinali nditakhala zaka zambiri, ndipo pa tiyi ndi mabisiketi ndinali nditaphunzira kale kuti Msikoti, munthu wa kuno, amafunsa kamodzi. Koma chinthu chikakula, munthu umabwerera kumene unaleredwa. Ndinamva pakamwa panga pakulankhula pokha.

"Ayi, a Docherty, zikomo kwambiri. Alipo anzanga ondiposa. Apatseni ena."

Ndinapinda manja pamiyendo n'kuyang'ana pansi, kudikira kuti abwereze. Ndinali nditakonza kale yankho lachiwiri, lofewerapo, ndi lachitatu lovomera. A Docherty anandiyang'ana kanthawi, n'kukanda m'mutu.

"Chabwino. Moira?"

Moira anadumpha mpaka tiyi anatayika. "Ndakwera kale! Wina andigwire ndisagwe!" Anthu anaomba m'manja, ndipo ine ndinaomba nawo. Zonse zinatha madzi a m'ketulo asanazizire.

Kunyumba sindinathe kudya. Bambo anu atandiumiriza ndinawafotokozera, ndipo anaika supuni pansi.

"Manyazi anapha Lambe, Nabanda. Mumati mzungu uja adzathera nsapato pakhomo panu ngati ine?"

"Ndimati abwereza."

"Abwereze chifukwa chiyani? Iye wamva kuti simukufuna. Mawa mupite mukamuuze."

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti ndinanama?"

"Mukanene kuti mukufuna. Mawu amenewo simunawanenepo chikwatiranireni, koma sapha munthu."

M'mawa mwake ndinagogoda paofesi ya a Docherty. Ndinawafotokozera za azakhali, za chakudya cha kwa eni, zonse. Anamvetsera pakamwa pali yasa.

"Ndiye kwanuko munthu akati ayi, ndiye kuti inde?"

"Osati nthawi zonse."

"Nanga mumasiyanitsa bwanji?"

"Timangodziwa."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako kuseka kunatha, anandiyang'ana mwachilendo. "Taima kaye. Chaka chija ndinakufunsa kuti ukhale wachiwiri wanga, iwe n'kukana. Ujanso anali ayi wa mtundu umenewu?" Ndinayang'ana nsapato zanga. Anatukwana mawu amene sindingawalembe m'buku la ana anga, n'kugwira mutu ndi manja awiri. Kenako anati, "Mayina ndikupereka kwa asilikali Lachisanu. Malo aja ndi ako, ndinakusankha ndine. Ukangonena, Moira ndimuuza ndekha, ndipo mlandu ukhala wanga. Pita ukaganize."

Ndinatuluka ndili ndi chimwemwe chosakanikirana ndi mantha. Lachitatu lonse ndinagwira ntchito pafupi ndi Moira, iye akuimba, akundifunsa ngati kunyanja kumafunika masokosi angati. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze, n'kutsekanso.

Lachinayi titaweruka anandikoka dzanja. "Tiye ukaone bambo anga, akhala akukufunsa." Bambo akewo ankakhala okha m'kanyumba ka pansi ku Govan, pampando wa pafupi ndi windo, kachubu ka mpweya kali m'mphuno. Utsi wa zowotcherera unali utawadya mapapo. Chifukwa cha kugontha ankalankhula mofuula ngati ali kuyadi.

"Essie! Wamva za mwana wangayu? Bambo anga anamanga sitima moyo wawo wonse, koma sanayendepo nayo n'kupitirira mlatho wa kumunsi kwa mtsinje. Ine chimodzimodzi. Timamanga, ena n'kukwera, ife n'kumabayibitsa ngati zitsiru. Tsopano uyu akupita! Wa kwathu akupita!"

Anatulutsa chipewa chaubweya chakale pansi pa pilo n'kumuveka Moira kumutu. Moira, mayi wa pakamwa posatseka uja, anangoti, "Basi, adadi, basi," akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi. Ine ndinali nditakhala pampando wina ndi kapu ya tiyi, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yatha.

Lachisanu ndinapita kwa a Docherty ndisanavale n'komwe ovololo.

"Apite Moira. Uyu ndi ayi weniweni."

Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni analankhula motsitsa. "Ndikufunsenso? Ndamva kuti kwanu ndi katatu."

"Musandifunsenso, a Docherty. Ndingavomere."

Sanafunsenso. Ndinawapempha kuti Moira asadziwe, ndipo anagwedeza mutu.

Tsiku limene inanyamuka, ndi pambuyo pake

Inanyamuka m'mawa kukuwaza mvula ya kuno yosatha ija. Timaboti tiwiri tinaikoka kuichotsa pakhoma la doko n'kuitembenuzira kumunsi kwa mtsinje. Tonse a kuyadi tinaima m'mbali. Moira anali pamwamba, chipewa cha bambo ake chili kumutu, akubayibitsa ndi manja onse awiri n'kumafuula dzina langa. Ndinabayibitsa mpaka sitima inakhota. Kenako belu linalira, tinabwerera kukasenda mawaya. M'buku langa tsiku limenelo ndinangolemba kuti, yapita, kunali mvula.

Moira anabwerako ataonda. Anati sabata yoyamba anaithera atakumbatira ndowa, akupempha Mulungu amutenge. Koma anandiuzanso za m'mawa wina pamene nyanja inagona, zilumba za kumpoto zikuoneka patali, nsomba zazikulu zikudumpha kutsogolo kwa sitima ngati zikuitsogolera. "Ukanaona, Essie. Ndinaima pawindo lako lija." Ndinamufunsa mafunso ambiri, ndipo anadabwa kuti ndikulankhula chotere. Bambo ake anamwalira nyengo yozizira yotsatira, chithunzi cha Moira ali pasitima chili pafupi ndi bedi lawo.

Chinsinsi chinakhala mpaka tsiku lotsanzikana ndi a Docherty, pamene ankapuma ntchito. Atamwa pang'ono, anaimirira kuti athokoze anthu, ndipo atafika pa ine anati, "Ndi Essie, mayi yekhayo amene anandiphunzitsa kuti ayi alipo wa mitundu iwiri." Anazindikira mochedwa kuti walakwitsa. Moira anandikokera panja, pamvula, n'kundiumiriza mpaka ndinanena zonse. Ndinkayembekeza kuti alira kapena andithokoza. Anakwiya.

"Chitsiru iwe! Ine ndimati umaopa madzi! Zaka zonsezi timadyera limodzi, osandiuza?"

"Bambo ako anali atakuveka kale chipewa."

"Ndiye? Ukanandiuza, tikanapita tonse kwa Docherty, kwa bwana wake, kwa bwana wa bwana wake, kukamenya matebulo mpaka malo akhale awiri! Ukuganiza kuti sitima yonse ija inalibe bedi limodzi lotsala? Ine pakamwa ndili napo, iwe ukudziwa. Unangofunika kundibwereka."

Sabata yonse ija ndinkaganiza kuti nkhani ndi yakuti apite iye kapena ine. Zoti munthu angathe kupempha malo achiwiri sizinandifikepo m'mutu ngakhale kamodzi. Sindikudziwa ngati akanatipatsa. Mwina akanakana. Koma sitinayese, ndipo amene anatsekereza ndine, ndi ulemu wanga. Moira anakhala masiku osandilankhula, kenako anabwera ndi mkate wake kudzakhala pafupi nane ngati kale. Mpaka lero akandiimbira foni amayamba ndi kuti, "Ndikufunsa katatu, uli bwanji, uli bwanji, uli bwanji?"

Sitima yotsatira itafika poyesedwa, kapitawo watsopano analemba dzina langa osandifunsa, chifukwa Moira anali atamuopseza. Koma opita kunyanja amayamba apimidwa ndi dokotala, ndipo maondo anga, atagwada pachitsulo zaka zonse zija, anakanika makwerero otsetsereka a m'sitima. Dokotala anapepesa kwambiri. Chaka chotsatira ndinapuma ntchito.

Sindidandaula kuti Moira anapita. Ndikanakhalanso m'kanyumba ka bambo ake aja, ndikanachitanso chimodzimodzi. Sindinenanso kuti azakhali anandiphunzitsa zoipa, chifukwa kwathu mwambo uja umasunga ulemu wa wopatsa ndi wolandira, ndipo pakati pa anthu oudziwa ndi wokoma. Chimene chimandiwawa ndi Lolemba lija, ndi masiku atatu otsatira amene ndinakhala pafupi ndi mnzanga wapamtima pakamwa pali chitsekere.

Chilimwe chathachi

Iwe Tadala ukukumbukira, chifukwa unandiyendetsa ndiwe. Sitima ija inabwera kudzaima padoko lina kumunsi kwa mtsinje, ndipo analola anthu wamba kukwera kudzaiona. Unandiuza m'galimoto kuti, "Mum, wina akakupatsani chilichonse lero, just say aye," kutanthauza kuti ndingovomera, poti aye wa kuno ndi inde. Ndinakwera pang'onopang'ono ndi ndodo yanga, pakati pa ana onyamula mabaluni. Inali itamangidwa ndi zingwe zonenepa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo pansi pake panali phee ngati pakhonde la nyumba.

M'chipinda choyendetsera munali msilikali wamkazi, wamkulu ndithu paudindo, amene ankafotokozera alendo. Ena atatuluka ndinatsalira, n'kuika dzanja pakhoma pamene ndinkadziwa kuti kuseri kwake kuli mawaya anga. Anandifunsa ngati ndili bwino, ndipo iwe unamuuza kuti amayi anga ndi amene analumikiza zonsezi. Anandigwira chanza ndi manja awiri. Anandiuza za nyengo ina yozizira pamene anaperekeza sitima yachilendo kumpoto kwa dziko lino, mafunde akumenya mpaka pawindo lomwelo, mbale zikuuluka kukhitchini, anthu atadzimangirira pamipando.

"Koma magetsi a m'chipinda chino sanaphethire n'kamodzi komwe, mayi. Munapita nawo poiyesa?"

"Ayi," ndinatero. "Sindinayendepo nayo."

"Simunataye kanthu. Panyanja aliyense amangosanza."

Ndinayang'ana pawindo. Kutsogolo kunali khoma la doko, galimoto yogulitsa ayisikilimu, ndi mzere wa anthu odikira kukwera.

"Ndikanakonda kusanza nawo," ndinamuuza.